Imfa ya Lexa: otsatira anali ndi chifukwa chokwiyira

Nkhani ya Lexa ikatchulidwa sipalephera wina wofunsa kuti, munthu wa m'filimu umamulira bwanji ngati m'bale wako? Ine ndili kumbali ya olirawo, ngakhale zina zomwe anachita sindigwirizana nazo.

Kwa amene simunaonere, The 100 ndi sewero la ku America lomwe linkaonetsedwa pa kanema wa CW kuyambira 2014. Clarke, mtsikana yemwe nkhani yonse yatsamira pa iye, amakonda amuna ndi akazi omwe. Lexa ndi mtsogoleri wa mafuko 12, mkazi wankhondo wokonda akazi anzake. Anapsompsonana koyamba mu February 2015, ndipo otsatira anawapatsa dzina limodzi, Clexa. Pa 3 March 2016, m'gawo lachisanu ndi chiwiri la sizoni yachitatu lotchedwa Thirteen, awiriwa akugona limodzi koyamba, atadikiritsa anthu chaka chathunthu. Kamera ikungochoka pabedi paja, mlangizi wa Lexa, Titus, akuwombera mfuti kufuna kupha Clarke. Lexa akulowa pakhomo, chipolopolo chikumupeza pamimba. Mkazi amene anapulumuka nkhondo, amene anagonjetsa mwana wa mfumu pa ndewu ya malupanga anthu akuonerera, akufa chifukwa chotsegula chitseko pa nthawi yolakwika.

M'sewero limeneli anthu ankafa ngati ntchentche, oonera n'kumangopukusa mitu. Ndiye chinasiyana n'chiyani apa? Choyamba, chipolopolo chimenechi anthu anali atachionapo kale. Mu May 2002, mu Buffy the Vampire Slayer, mtsikana Tara anangobwererana ndi chibwenzi chake chachikazi Willow, chipolopolo cholinga kwa Buffy chinadzera pazenera n'kumupha. Kalembedwe kake n'kamodzi: chisangalalo, bedi, maliro. Ku America anakapatsa dzina loti Bury Your Gays, kutanthauza kukwirira ampangankhani okonda amuna kapena akazi anzawo, ndipo mizu yake ili kutali. Malamulo a Hays Code, omwe ankalamulira mafilimu a ku Hollywood kuyambira 1934 mpaka 1968, ankaletsa kuonetsa chikondi chotere, ndipo olemba anazolowera kuti munthu wotere akaoneka, mapeto ake akhale chilango. Malamulowo anatha, chizolowezi chinatsala. Tsamba la pa intaneti la akazi okonda akazi anzawo la Autostraddle litayamba kuwerenga akazi otere omwe anaphedwa m'masewero a pa kanema, mndandanda unayambira pa 65, owerenga n'kumawonjezera mpaka unapitirira 200. Mwezi womwewo wa March, The Walking Dead inapha Denise ndi muvi m'diso ali mkati molankhula. Kumapeto kwa May anafa Root wa mu Person of Interest, mu June Poussey wa mu Orange Is the New Black. Bungwe la GLAAD, lomwe limalondola mmene anthu otere amaonetsedwera pa kanema, linawerenga akazi otere oposa 25 omwe anaphedwa m'masewero m'chaka chimenecho. Pamene ampangankhani a mtundu wako ali ochepa kale, imfa iliyonse imaoneka ngati mudzi wapsa.

Koma chachikulu kwa ine ndi nyambo. Sewero silijambulidwa sabata yomwe mukulionera. Gawo lachisanu ndi chiwiri linali litajambulidwa miyezi ingapo m'mbuyo, kotero aliyense wa m'chipinda cha olemba ankadziwa kuti Lexa wafa. Komabe pa Twitter ankapitiriza kusewera ndi otsatira, kuwauza kuti awakhulupirire. Mu January 2016, mkulu wa sewerolo Jason Rothenberg anaitanira anthu kukaonerera akujambula gawo lomaliza la sizoni m'misewu ya Vancouver, komwe Alycia Debnam-Carey, wosewera ngati Lexa, anaoneka atavala zovala zake zankhondo. Amene ankaopa mitima inakhala pansi: ngati ali m'gawo lomaliza ndiye kuti ndi wamoyo. Osadziwa kuti akujambula Lexa wa m'dziko la m'kompyuta, mwiniwake atafa kale. Kumeneko ndi kumuitanira munthu nsima uli utabisa chikwapu kumbuyo. Ndipo ambiri mwa oitanidwawo anali achinyamata omwe kunyumba kwawo sangayerekeze kunena zomwe ali.

Chodzikhululukira chinalipo. Debnam-Carey anali ndi mgwirizano ndi sewero lina, Fear the Walking Dead, la pa kanema wa AMC, nthawi yake inali yochepa. Zoona. Koma kusowa kwa wosewera kumangolamula kuti mpangankhani achoke pa kanema. Sikulamula kuti afe, sikulamula kuti afe ndi ngozi, ndipo sikulamula kuti afe mphindi zochepa atadzuka pabedi. Zitatu zonsezi anasankha ndi olemba. Rothenberg mwiniwake anadzapepesa m'kalata pa 24 March, patatha masabata atatu.

Tsono chomwe otsatira anachita ndicho chofunika kuphunzira, chifukwa mkwiyo wa pa intaneti nthawi zambiri umazima ngati moto wa mapesi. Awa anaudziwa mchitidwe wa Twitter. Mawu amakwera pa mndandanda wa zomwe zili m'kamwam'kamwa chifukwa cha kuchuluka kwadzidzidzi, osati chiwerengero cha tsiku lonse. Choncho ankapangana ola lenileni, kulimasulira m'nthawi za mayiko osiyanasiyana, aliyense n'kusunga mauthenga ake kudikira belu. Wina akayamba msanga amawononga, chifukwa mawuwo amakwera pang'onopang'ono, makina n'kuwaona ngati nkhani yakale. Pachifukwa chomwecho mawu ankasinthidwa ulendo uliwonse. Dzina la sewero ankalipewa dala, poti aliyense wolitchula, ngakhale akulitukwana, akuliwonjezera mbiri yoti likukambidwa, ndipo mbiri imeneyo eni kanema amakagulitsa kwa otsatsa malonda. Gawo lotsatira likuonetsedwa pa 10 March, mawu omwe anamveka anali LGBT Fans Deserve Better, kutanthauza kuti otsatira okonda amuna kapena akazi anzawo ndi ena otere ayenera zabwino kuposa izi.

Nzeru yoposa zonse inali ya ndalama. Anatsegula thumba la chithandizo la The Trevor Project, bungwe la ku America lothandiza achinyamata otere amene akuganiza zodzipha, ndipo m'masabata ochepa linadutsa madola 100,000. Mtolankhani sangalembe nkhani yoti ana akulira pa tsamba la mchezo la Tumblr, koma ndalama yowerengeka ndi mutu wa nkhani. Magazini ngati Variety anailemba, nkhani n'kulowa m'zipinda za olemba masewero ena. Olemba a sewero la ku Canada la Saving Hope anathandiza kukonza lonjezo lotchedwa Lexa Pledge. Ambiri amene amalinyoza sanaliwerenge. Silikuletsa imfa. Likunena kuti mpangankhani wotere akhale ndi nkhani yakeyake, asaphedwe pongofuna kukometsa nkhani ya wina, olemba azifunsa anthu enieni a moyo umenewo, ndipo asamanyengerere otsatira pa intaneti. Mu 2017 kunabadwanso msonkhano wa otsatira wa ClexaCon ku Las Vegas.

Kunyanyala kuonera ndiko sikunaphule kanthu. Oonera anatsikadi sabata yotsatira, koma CW inalengeza sizoni yachinayi mwezi womwewo, sewero n'kupitirira mpaka September 2020, magawo 100 ndendende. Chifukwa chake n'chosavuta. Chiwerengero chomwe chinkalamula chinali cha Nielsen, kampani yowerenga oonera kanema, chochokera m'nyumba zosankhidwa za ku America, makamaka anthu a zaka 18 mpaka 49. Wotsatira wa ku Brazil, kapena wa kuno amene sewero analitengera pa memori khadi, angafuule chotani, m'kaundula mulibemo. Pa Netflix muyeso ndi wina: angati anamaliza magawo onse m'masabata oyamba. First Kill, nkhani ya atsikana awiri okondana, inatuluka mu June 2022, inakambidwa kwambiri, koma mu August inathetsedwa, ndipo mkulu wake Felicia Henderson anatchula za omaliza kuonera. Wofuna kupulumutsa sewero lotere alimalize msanga, kulisunga kuti adzaonere pa Khirisimasi n'kuliphera. Sewero lina, Wynonna Earp, linapulumuka mu 2019 otsatira atagula zikwangwani ku Times Square mu mzinda wa New York, koma onani bwino: kanema wa Syfy ankalifuna kale, vuto linali ndalama ku kampani yojambula. Chikwangwani chimakankha galimoto yomwe ili ndi injini.

Zonyansa nazo zinalipo. Ena anatumiza mauthenga oopseza kwa olemba ndi osewera, anthu amene ambiri mwa iwo sanasankhe kanthu. Uthenga umodzi wotere umakwanira kuti eni sewero aleke kuyankha funso lenileni n'kuyamba kukamba za khalidwe la otsatira. Nkhondo ya Clexa ndi Bellarke, gulu lofuna Clarke akhale ndi mnyamata Bellamy, inatha zaka, ndipo wopwetekeka anali wotsatira amene ali ngati Clarke. Mbali ina inkachita ngati Lexa anali chibwana chongodutsa, inayo ngati kukonda mwamuna n'kuwukira. Munthu wokonda amuna ndi akazi omwe amafufutidwa uku ndi uku, m'nyumba yomwe amati ndi yake.

China chomwe chimandiwawa: patatha masabata anayi chabe, sewero lomwelo linapha Lincoln, mwamuna wakuda, atamugwaditsa m'matope ali m'maunyolo, n'kumuwombera m'mutu. Phokoso lake silinafike ngakhale pafupi ndi la Lexa. Poussey, mkazi wakuda, anafa atatsamwidwa pansi ndi mlonda wa ndende, ndipo palibe msonkhano wotchedwa dzina lake ku Las Vegas. Otsatira amene amadzudzula olemba posankha oti afe, nawonso amasankha oti awalire.

Kodi olemba anamva? Ena eya. Mu June 2016, m'gawo lomaliza la sizoni yoyamba ya Wynonna Earp, wapolisi Nicole Haught akuwomberedwa pachifuwa, chibwenzi chake chachikazi Waverly akuthamangira, akutsegula malaya, m'kati muli chovala chotchinga zipolopolo. Gawolo linajambulidwa Lexa asanafe, koma mkulu wa sewerolo Emily Andras ataona mantha omwe analipo anauziratu anthu kuti awiriwa apulumuka, kulolera kuulula nkhani yake. Ena ayi. Mu April 2022 Killing Eve inatha akazi awiri, Eve ndi Villanelle, atangogwirizana pambuyo pa masizoni anayi, Villanelle n'kuwomberedwa, kumira mu mtsinje wa Thames kutatsala mphindi zochepa kuti sewero lonse lithe. Luke Jennings, amene analemba mabuku omwe sewerolo linachokera, anadandaula poyera mu nyuzipepala ya The Guardian, poti m'mabuku mwake awiriwa amatsala amoyo, ali limodzi.