Masabata 7 fayilo ya a malume ili pa tebulo lopanda mwini

Ndikulemba usiku, a malume atagona m'chipinda chinacho. Ku India kuno ndatha zaka zinayi. Ndinabwera kudzaphunzira, koma wa kwathu aliyense amene ali kuno adziwa kuti ukangozolowera misewu umasanduka wolandira odwala. Foni imalira kuchokera ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, akuti tikubwera ndi bambo ako aang'ono, utichingamire. Zimenezo ndimachita ndi mtima umodzi. Chimene chandisowetsa tulo ndi zimene taona ndi fayilo ya a malume.

A malume anabwera ndi vuto la impso. Madokotala atawayeza anati chithandizo chidutsa masiku amene analembedwa pa viza yawo. Kalata ya kuchipatala tinali nayo, pasipoti ili bwino, umboni wa komwe tikukhala ulipo, ndalama tinalipira. Zonse tinatumiza pa intaneti monga akufunira masiku ano, kupempha kuti awonjezere masiku a vizayo, kenaka anatiitana ku ofesi ina ya boma kuti akaone mapepala enieniwo. Bwana amene tinamupeza anali munthu womva zinthu. Kalata ya dokotala anaiwerenga mpaka pansi, anafunsa mafunso awiri, n'kunena kuti sabata isanathe zikhala zitatheka. Titabwererako, pampando pake panalibe munthu. Thaulo loyera lija amayala kumsana kwa mipando ya mabwana kuno linali pomwepo, lochapidwa bwino, koma mwini wake anali atasamutsidwa. Anatiuza ndi mesenjala amene amazungulira ndi timatambula ta tiyi.

Mpando uja unakhala wopanda munthu masabata atatu. Wogwirizira anali ndi maofesi enanso awiri, ndipo tikafunsa ankangoti kal aana, ndiye kuti mubwere mawa. Bwana watsopano atafika anati kalata ya dokotala yakhalitsa, tikatenge ina. Pamenepo n'kuti viza itatha kale. A malume aphunzitsa ana a eni ake zaka 31, sanapondepo pa polisi ngakhale ngati mboni, koma papepala anasanduka munthu wokhala m'dziko la eni mophwanya lamulo. Tsiku limenelo anakhala pa benchi yachitsulo, miyendo itatupa mpaka nsapato osalowa, chidendene chili panja. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mphwanga, kodi ife talakwa chiyani?" Ndinasowa chowayankha. Akazi awo anangotembenukira kukhoma kuti asaonetse misozi.

Panja pa geti panali mnyamata wina amene anatilonjeza kuti tikamupatsa ya chai-pani, imene kwathu timati ya Fanta, fayilo iyenda. A malume anakana kwamtuwagalu. Anachita bwino, chifukwa chiyambire 2018 lamulo la kuno limalanganso wopereka chiphuphu, mpaka zaka 7 m'ndende. Koma mtima wanga unagwedezeka, sindibisa, poona mmene ankapumira.

Amene ananditsegula maso ndi kalaliki wina wachikulire, wotsala pang'ono kupuma pantchito. Tinakumana pa malo omwera tiyi kuseri kwa ofesi. Analankhula motsitsa mawu. Anati, "Ndikasayina n'kupezeka kuti ndinalakwitsa, adzandifufuza mpaka penshoni yanga. Ndikapanda kusayina, palibe adzandifunse." Mawu amenewo sanandichoke m'mutu. Munthu uja sanali woipa mtima. Ntchito inamuphunzitsa kuti kukhalira fayilo ndiko kudziteteza.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti dziko lino silisowa anthu anzeru m'boma. Mwana wa eni nyumba imene ndimakhala akulemba kachitatu mayeso a UPSC, olowera ntchito zapamwamba za boma. Chipinda chake n'chodzaza mapu kukhoma, manyuzipepala odulidwadulidwa, mabuku mpaka pansi pa bedi. Amadzuka 4 koloko m'mawa. Chaka chilichonse anthu pafupifupi 1 miliyoni amalembetsa mayeso amenewa, ndipo otengedwa amakhala cha m'ma 1,000, atadutsa mayeso oyamba, mayeso aakulu olemba, ndi kufunsidwa pamaso. Mwa amenewo, olowa mu IAS, gulu la mabwana oyendetsa boma, ndi pafupifupi 180 okha. Makolo amagulitsa minda kuti mwana akaphunzire ku Old Rajinder Nagar kapena ku Mukherjee Nagar mu Delhi. Mu Julayi 2024 ophunzira atatu anafera m'chipinda cha pansi pa nthaka ku Old Rajinder Nagar, madzi a mvula atasefukiramo iwo akuwerenga. Anthu akutaya moyo pofuna kulowa ntchito imeneyi. Opambana amapita kukaphunzitsidwa ku Mussoorie, kumapiri, ndipo pakatha zaka zochepa mnyamata kapena mtsikana amapatsidwa boma lonse la anthu mamiliyoni kuti aliyang'anire. Kuno amati Collector kapena District Magistrate. Ndi mpando womwe uja wa a DC kwathu, poti tonse anatisiyira ndi Angerezi.

Ndiye anthu osankhidwa mosefa chonchi amathera pati? Funsani za Ashok Khemka, bwana wa IAS wa ku chigawo cha Haryana. Bamboyu anasamutsidwa maulendo 57 pa zaka 34 za ntchito yake, mpaka anapuma mu Epulo 2025. Mukawerengera, mpando uliwonse anakhalapo miyezi 7 basi. Mu 2012 anaimitsa kusintha kwa umwini wa malo ena okhudza kampani ya Robert Vadra, mkamwini wa Sonia Gandhi, mtsogoleri wa chipani cha Congress chimene chinkalamula nthawiyo, dzina lake n'kumveka dziko lonse. Koma musaganize kuti ndi chipani chimodzi chokha chinamuzunza. Maboma ankasintha, iye akusamutsidwabe. Funsaninso za Durga Shakti Nagpal, mtsikana wa mu IAS amene mu 2013 analimbana ndi okumba mchenga mozembera lamulo mu mtsinje wa Yamuna ku Uttar Pradesh. Anamuimitsa ntchito. Boma linati chifukwa chake ndi khoma la mzikiti limene linagwetsedwa, koma anthu anakuwa dziko lonse mpaka anamubwezera pasanathe miyezi iwiri. Bwana wachinyamata akamaona zimenezi akuphunzirapo chiyani? Akuphunzira kuti nduna siingamuchotse ntchito, koma ingathe kumutaya ku ofesi yosunga mafayilo akale, ana ake n'kusintha sukulu pakati pa chaka.

Apa ndi pamene zinthu zinapindika. Gawo 311 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza wogwira ntchito m'boma kuti asachotsedwe popanda kufufuzidwa ndi kumva mbali yake. Cholinga chake chinali chabwino, kuti bwana athe kukana lamulo loipa la wandale osaopa njala. Sardar Patel, mmodzi wa atsogoleri omenyera ufulu wa India, polankhula kwa mabwana oyamba a IAS pa 21 Epulo 1947, ankafuna anthu olimba otere, ndipo mpaka lero tsikuli amalikumbukira chaka ndi chaka. Koma chitetezo chija chinafunditsa waulesi, wolimbikira n'kutsala pamphepo. Waulesi sachotsedwa, milandu yake imatenga zaka, ndipo kukwezedwa kumayendera kwambiri chaka chimene unalowa ntchito. Wolimbikira ndi amene amaponda zala za anthu amphamvu, ndipo chikwapu chake chili pafupi, kalata ya tsamba limodzi yomusamutsa. Sindikunena kuti bwana wathu uja anali wa IAS, ayi. Koma madzi akavunduka kumtunda, akumunsi amamwa matope, ndipo kalaliki amaonera kwa mkulu wake.

Ndipo musati aboma sakudziwa. Anakhazikitsa komiti yaikulu yokonza kayendetsedwe ka boma mu 1966. Anakhazikitsa ina mu 2005, yotsogozedwa ndi Veerappa Moily, imene inatulutsa malipoti 15. Pa 31 Okutobala 2013 khoti la Supreme linagamula mlandu umene anabweretsa T.S.R. Subramanian, yemwe anakhalapo mlembi wamkulu wa nduna za boma, pamodzi ndi anzake opuma oposa 80. Khoti linati bwana azikhala pa mpando nthawi yodziwika, pakhale bungwe loona za kusamutsa anthu, ndipo lamulo lapakamwa la wandale lizilembedwa. Chaka chotsatira malamulo anasinthidwa kuti bwana azikhala zaka zosachepera ziwiri. Nanga lero? Chisankho chikangotha, nyuzipepala zimadzaza ndi mndandanda wa mabwana makumimakumi osamutsidwa usiku umodzi. Zigawo zambiri zimangodutsa m'mbali mwa chigamulo chija.

Zina zasintha, sindikana. Nyali zofiira pa magalimoto a mabwana anazichotsa mu Meyi 2017. Mu 2020 anayambitsa Mission Karmayogi kuti ogwira ntchito m'boma aziphunzira pa intaneti. Kuyambira 2018 anayesa kulowetsa akatswiri ochokera kunja kwa boma pa mipando ikuluikulu, koma mu Ogasiti 2024 chilengezo cha mipando 45 chinabwezedwa patangopita masiku ochepa, anthu atadandaula kuti sichinasunge malo a mitundu yoponderezedwa. Koma kodi kosi ya pa kompyuta ichotsa mantha a kalaliki uja? Mantha ake sachokera ku umbuli. Amadziwa lamulo kuposa ine. Akusowa womutsimikizira kuti akagwira ntchito molungama sadzatayidwa, ndiponso kuti akaikhalira adzafunsidwa.

Njira ilipo, ndipo ili konkuno. Ku chigawo cha Madhya Pradesh mu 2010 anakhazikitsa lamulo lakuti ntchito zina za boma zizitha m'masiku owerengeka, ndipo bwana wochedwetsa popanda chifukwa amalipitsidwa kuchokera m'thumba mwake, marupi 250 pa tsiku mpaka 5,000. Zigawo zina zinatengera. Ndi zimenezo ndikupempha ine. Fayilo iliyonse ikhale ndi dzina la woigwira ndi tsiku loti ituluke. Bwana akasamutsidwa nthawi isanakwane, chifukwa chake chilembedwe poyera, ndipo asachoke asanasiyire mnzake mafayilo ali m'manja. Mpando usakhale masabata atatu uli ndi thaulo lokha. Mabwana a IAS m'dziko lonse la anthu oposa 1.4 biliyoni safika 6,000, ndiye ochepawo n'kumawazunguza ngati nkhuku pamsika, ntchito igwirika bwanji?

Mmwenye akasowa chochita ali ndi pothawira. Lamulo la 2005 lopatsa anthu ufulu wodziwa zochitika m'boma limamulola kulemba kalata, kulipira marupi 10, n'kufunsa kuti fayilo yanga ili pa tebulo la yani, ndipo ayenera kuyankhidwa m'masiku 30. Ndinathamangira komweko, koma anandiuza kuti lamulolo ndi la nzika zokha. Mlendo alibe voti, alibe phungu, alibe kalata yofunsira. Ali ndi benchi yachitsulo ija basi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye tinkangopita m'mawa uliwonse umene a malume sanali pa makina otsuka magazi, ine nditanyamula chikwama cha mapepala, iwo atanditsamira paphewa pokwera masitepe.

Fayilo inatuluka sabata yachisanu ndi chiwiri. Anatilipitsa chindapusa cha masiku amene viza inali itatha, masiku omwe aja mapepala athu anali pa tebulo lawo. Ndalama imeneyo inali ya mankhwala a mwezi uno, ndipo achibale kumudzi agulitsa mbuzi ziwiri kuti tibweze. A malume apinda lisiti lija n'kuliika m'Baibulo mwawo, akuti akaonetse ana awo kuti sanabe kanthu kuno. Mawa 6 koloko ndiwaperekeza kuchipatala. Viza ya akazi awo ikutha mwezi wamawa, ndipo mapepala ndayamba kale kusonkhanitsa.