Ndalama za pelekani pelekani musaziike mu bajeti, abale anga

Ndinene pompano ndisanaiwale, poti nyengo ya maukwati yafikanso ndipo Loweruka lililonse kuyambira pano mpaka mvula kugwa tikhala tikumva mahutala m'misewu. Ngati mukukonza ukwati koma m'thumba simuli bwino, chinthu choyamba kufufuta pa pepala lanu la bajeti ndi kamzere kaja mumalemba mmunsi kuti "zotsalazo tidzalipira ndi za pelekani". Kamzere kameneko kaliza anthu ambiri omwe ine ndawaona ndi maso angawa, kuposa kudula kwa holo olo diresi.

Ine ndakhalapo msungichuma m'makomiti a ukwati, ena a achibale ena a kutchalitchi, nde ndimadziwa mmene msonkhano woyamba umakomera. Aliyense amakhala ndi moto. Amalume akuti mbuzi ziwiri zili kwa ine, alamu akuti za zakumwa musaganizenso, mnzake wa mkwati wa kuntchito akuti ndilembeni K200,000, tonse m'manja phuphuphu, mlembi walemba. Mukaphatikiza ma pledge onsewo ukwati wakwana kale mpaka kutsala chenji. Ndiye mudzabwere pa msonkhano wa kutatsala masabata awiri mudzaone. Foni ya amalume siikupezeka, alamu akuti kuntchito sanatilipirebe, uja wa K200,000 watumiza K20,000 pa foni yopanda ndi yotapira yomwe kenako watuluka mu gulupu mwakachetechete. Sikuti anthuwa ndi oipa ayi, polonjeza paja amanena zochokera pansi pamtima, kungoti mwezi womwewo kwagwa fizi, lendi, maliro kumudzi, feteleza. Akuluakulu ananena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Pledge iliyonse yomwe siinafike m'manja mwa msungichuma muziiwerenga ngati ziro, ikabwera muthokoze.

Tsono za pelekani tiyeni tiwerengere limodzi. Anthu omwe mukuyembekezera kuti adzaponya ndalama tsiku limenelo ndi ndani? Ndi omwe aja anabwera ku chinkhoswe nkuponya. Ndi azimayi omwe aja anabwera ku bridal shower ndi envelopu yomwe inu munalemberatu pa khadi kuti osachepera mwakuti, ena anapitanso ku send-off, agula nsalu ya yunifomu, alipira telala, asonkha mu komiti, ena achokera ku Mzuzu kapena ku Nsanje pa basi kubwera ndi kubwerera. Thumba ndi lomwelo, malipiro ndi a mwezi umodzi omwewo. Pofika tsiku lenilenilo munthu watsala ndi K5,000 imodzi, apita kwa ma cashier aja akhala pakona kukaisinthitsa kuti ikhale ma K100, avina nyimbo zitatu akuponya imodziimodzi, MC akukuwa kuti akuchimuna mukuchepa kodi, beseni ladzadza mpaka kutayikira, pa vidiyo zikuoneka ngati mwalemera basi. Madzulo mukakhala pansi kuti muwerenge mpamene mumazindikira kuti munangotolera mapepala ambiri. Nthawi imeneyo wa holo waima pakhomo, wa deko akumasula nsalu zake uku akukuyang'anani ndi diso la kumbali, DJ wakana kunyamula masipika asanalandire balansi yake, ndipo mkwati akadali mu suti akuimba mafoni kufuna wombwereka. Zimenezi sizikhala pa vidiyo.

(Komanso a Reserve Bank akhala akudandaula za khalidwe loponya ndalama pansi nkumazipondaponda, akuti zikung'ambika msanga ndipo kusindikiza zina kumadula. Ikani lichero kapena beseni patsogolo, zimathandizanso kuti ana asamatole.)

Sindikunena kuti pelekani athe. Ayi ndithu, ine ndemwe ndimavina nawo mpaka thukuta. Ndikungoti ndalama imeneyo ikhale yoyambira banja, isakhale yolipirira tsikulo. Chilichonse cha tsikulo chikhale chitalipiridwa Lachisanu dzuwa lisanalowe, ndi ndalama yomwe munaigwira m'manja. Ngati ndalama yomwe muli nayo ikukwana anthu 80, ukwati wanu ndi wa anthu 80, osati 400.

China chomwe anzathu okonza ukwati amaiwala ndi kwacha yathuyi. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo omwe anali ndi maukwati a mu Disembala chaka chimenecho akhoza kukuuzani mmene ma quotation anasinthira m'sabata imodzi. Mtengo womwe wakuuzani wa deko lero ndi wa lero basi. Nde kungonena kuti "tabukitsa" ndi pakamwa sikuthandiza, lipirani, tengani lisiti, alembepo tsiku ndi zonse zomwe adzabweretse, mipando ingati, matebulo angati. Zomwe siziwonongeka gulani msanga pang'onopang'ono, shuga, mafuta ophikira, mchere, mpunga. Mpunga mugule nthawi yokolola, ngati muli ndi m'bale ku Karonga akutumizireni kilombero pa basi, kusiyana ndi kukagula wa m'mapaketi sabata ya ukwati. Kachewere ndi kabichi ngati wina akudutsa pa Lizulu kapena pa Tsangano aime agule konko. Nkhuku nazo, anapiye a broiler amakula m'masabata pafupifupi 6, ngati kunyumba kuli khola ndi munthu wosamala werengerani masiku muwete nokha. Koma akhale munthu wosamaladi, osati mphwanu uja amadzuka 10 koloko.

Pomwe pamathera ndalama zambiri ndi kuchuluka kwa zochitika. Masiku ano munthu mmodzi akufuna proposal yokhala ndi wojambula, chinkhoswe cha mu holo, bridal shower, send-off, pre-wedding shoot ku nyanja, kenako ukwatiwo. Zonsezi chilichonse chili ndi deko yake, MC wake, zovala zake. Chinkhoswe chomwe ife tinakulira chinali cha pakhomo pa makolo a mkazi, ankhoswe a mbali zonse akumana, adziwana, akuchimuna apereka tambala akuchikazi apereka thadzi, mwamuna apatsidwa khasu, nkhwangwa ndi chikwanje, mkazi lichero, mthiko ndi chipande, anamwali aphimbidwa zitenje kuti ankhoswe aloze wawo anthu nkumaseka, thobwa azungulira, nsima idyedwa, basi zatheka. Cholinga chake nchakuti mawa mukayambana kunyumbako padziwike woti mukamudandaulire. Zimenezo sizifuna mipando yovekedwa nsalu. Lero chinkhoswe chasanduka ukwati woyamba, mkwatibwi kusintha zovala katatu, ndiye pakatha miyezi iwiri mukuitananso anthu omwewo ku holo ina. Ngati ndalama ndi yochepa bwezerani chinkhoswe pakhomo, achibale okhaokha, ndipo pakati pa bridal shower ndi send-off sankhanipo chimodzi olo kuzisiya zonse.

Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa mwambo, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, komanso wa kwa DC. Holo, keke ndi convoy mulibemo m'menemo. Kumpingo nako chomwe abusa kapena ansembe amafuna ndi maphunziro a banja, kulengeza kuja, ankhoswe ndi mboni, ndi kandalama ka setifiketi. Tikumbukirenso nthawi ya Covid-19, mu 2020 boma linaletsa kusonkhana anthu oposa 100, kumayambiriro kwa 2021 nambala inatsika kufika 50. Anthu anakwatirana chonchobe, kutchalitchi m'mawa, nkhomaliro pakhomo, ndipo mabanja amenewo alipo mpaka pano, ana awo ayamba sukulu. Palibe amene amawafunsa kuti reception yanu inali kuti.

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga akuti inu simukuwadziwa mayi anga. Ndikuwadziwa bwino, ali m'banja lililonse kkkk. Koma nawonso tiwamvetse. Mayi amenewo akhala akuponya ndalama m'maukwati a ana a anzawo a kumvano zaka ndi zaka, asokesa mayunifomu osawerengeka, aphika m'maukwati a eni mpaka maso kufiira ndi utsi, nde lero wawo akukwatiwa muwauze kuti tingoitana anthu 50? Kwa iwo ndi nthawi yawo yoti nawonso aimirire kutsogolo anzawo awavinire. Njira yake si kukangana nawo pa foni. Khalani nawo pansi ndi pepala, muwaonetse kuti amayi ndalama yomwe ilipo ndi iyi, mbale imodzi ya chakudya ikudya mwakuti, anthu anu mukufuna angati. Ngati zikuvuta tumani ankhoswe kapena azakhali omwe amamvana nawo, mawu omwewo akachoka pakamwa pa wamkulu mnzawo amalowa. Kawirikawiri makolo akaona manambala amafewa, ena mpaka amati anzangawo ndiwaphikira ndekha kunyumba. Anzathu a kumpoto ndi ku Lower Shire komwe kuli lobola, nkhani imeneyo ikambidwe koyambirira penipeni, mabanja ambiri amalola kupereka pang'onopang'ono bola mwapempha mwaulemu kudzera mwa oyenera, osati kudzadzimuka nayo kutatsala mwezi.

Zodula zina nzosavuta. Holo ya kutchalitchi kwanu kapena ya pasukulu imakwana, osati mpaka BICC kapena Comesa poti mnzanu wa kuntchito anapangira kumeneko. Reception ikayamba 1 koloko kapena 2 koloko anthu amabwera atadya kwawo, inu mungopereka chakumwa ndi kapaketi ka samusa, kanyama ndi kakeke, nkhomaliro yeniyeni ikhale ya akwati, operekeza, ankhoswe ndi alendo ochokera kutali. Operekeza awiriawiri akukwana, mukachulutsa mwachulutsanso galimoto, saluni, mbale ndi mikangano. Diresi bwerekani kwa obwereketsa aja, mulivala maola ochepa chabe. Suti gulani yoti mudzapite nayonso ku interview ndi kutchalitchi, osati yoyera mbee yokhala ndi zonyezimira. Keke ya nsanjika zisanu ija nthawi zambiri ndi imodzi yokha yeniyeni zinazo ndi zongokongoletsa, nde musachite manyazi kupempha zomwezo. Makhadi tumizani pa WhatsApp, musindikize ochepa a akuluakulu okha, chifukwa agogo ndi apongozi kuwaitana pa foni ndi chipongwe. Galimoto pemphani za achibale inu muthire mafuta, ndipo muthiretu Lachitatu, mizere ya pa filling station mukuidziwa.

Koma pali malo atatu omwe ine sindilola kuti komiti iumire. Wojambula, chifukwa zina zonse zimatha tsiku lomwelo koma zithunzi nzomwe mutsale nazo, ndipo msuweni wokhala ndi foni yabwino si wojambula, pa nthawi yovekana mphete adzakhala ali panja akuyankha foni yomweyo. Onani ntchito yomwe munthuyo anagwirapo, mugwirizane tsiku lodzakupatsani zithunzi, ndipo uyu yekha musamulipire yonse asanapereke. Chachiwiri ndi zokuzira mawu pamodzi ndi jenereta yokhala ndi mafuta ake, magetsi athu mukuwadziwa, akathima pakati pa pelekani anthu amakhala pansi ndipo sadzukanso. Chachitatu, chomwe pafupifupi bajeti iliyonse imaiwala, ndi alendo a kumudzi. Amafika Lachinayi, ena ndi ana, amachoka Lolemba kapena Lachiwiri, onsewo adye katatu patsiku, asambe, agone, ndipo pobwerera ena adzakuuzani kuti tinangopeza yobwerera kuno yokha. Simungawabweze, ndi anthu anu, ndipo ndi omwe amagwira ntchito yonse ya kukhitchini. Ikani thumba la ufa, nyemba, makala, sopo ndi thiransipoti yawo mu bajeti kuyambira tsiku loyamba.

Za ngongole ndingonena mwachidule. Katapila ayi, olo zitavuta bwanji. Loni ya kubanki yodula ku malipiro nayo ganizani kawiri, chifukwa idzakhala ikudulidwa mwezi ndi mwezi pomwe inu mukufuna lendi ya nyumba yokulirapo, matiresi, mbaula, mwinanso zokonzekera mwana. Ku banki mkhonde tengani masheya anu omwe mwasunga, osati kubwereka ya gulu kuti mudzabweza ndi za pelekani, azimayi amenewo saseka, adzabwera kudzanyamula mphatso zomwezo zisanamasulidwe. Ngati ndalama sikukwana sunthani tsiku. Kusuntha ukwati ndi miyezi ingapo si imfa, anthu adzalankhula sabata imodzi nkupeza nkhani ina.

Ndipo za pelekani zomwezo, zochepa kapena zambiri, zikhale ndi eni ake ozisamala. Musankhiretu anthu awiri akuchimuna awiri akuchikazi, osati ongodzipereka okha tsiku lomwelo. Ndalama yosinthira yomwe ma cashier ayamba nayo ilembedwe m'kabuku asanayambe, chifukwa apa mpomwe pamasowera zambiri, wina amati tinayamba ndi mwakuti wina akuti ayi. Chigawo chilichonse chikatha beseni lichoke, awerenge onse anayi pamodzi m'chipinda chotseka, alembe, asayinire. Maenvelopu asatsegulidwe ndi wina aliyense kupatula akwati. Ndipo ndalamayo isagone m'nyumba yomwe mwadzadza anthu, pezani agent wa Mpamba kapena Airtel Money yemwe mwapangana naye kale kuti adzakhala ndi float yokwanira Loweruka madzulo, ilowe mu foni ya mkwati kapena mkwatibwi, osati ya wapampando wa komiti.