Musawanyoze anthu a ku Chigwa cha Shire

Dzulo mu minibasi yochokera ku Limbe bambo wina amati anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa ndi osamva, chaka ndi chaka madzi amawapeza pomwepo koma kusamuka ayi. Sindinawayankhe, koma mtima wanga sunakhazikike mpaka lero.

Abale anga, dambo la Elephant Marsh, lomwe lili m'maboma awiriwa, limakhala ndi moyo chifukwa cha madzi omwewo. Mtsinje wa Ruo ukadzaza m'dzinja umatsekereza Shire pa Chiromo, madzi n'kubwerera m'mbuyo, n'kumwazikira m'maudzu ndi m'mabango. M'madzi osaya amenewo ndi momwe milamba ndi makakana zimaswana. Akamaphwa amasiya dothi lachonde, anthu n'kulowa m'madimba kubzala chimanga, mbatata ndi nyemba osagula feteleza. Ng'ombe zimapeza msipu wobiriwira m'chilimwe, pomwe kumtunda kwauma gwa! Ngakhale chaka cha njala, amayi amalowa m'dambomo kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, kuti ana agone atadya. Munthu wotereyu mukamuuza kuti akwere kumtunda, akadya chiyani?

David Livingstone atadutsa m'damboli mu 1859 analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800, n'chifukwa chake dzina loti Elephant Marsh, kutanthauza dambo la njovu. Njovuzo zinatha. Kwatsala mvuu, ng'ona ndi mbalame zambirimbiri, ndipo mu 2017 damboli linalowa m'gulu la madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ife a mu Blantyre timaloza chala ngati sizikutikhudza. Tayang'anani phiri la Ndirande, mbee! Soche naye tamudula ndi kumumanga nyumba mpaka m'khosi. Mvula ikagwa palibe choigwira, dothi limakokoloka kudzera mu Mudi ndi Likhubula mpaka kukafika mu Shire. Mchenga ukadzaza mumtsinje, madzi amene kale ankakwera pang'onopang'ono, anthu n'kukhala ndi mpata wosamutsa ana ndi mbuzi, tsopano amangofika usiku umodzi. M'malo mwa dothi lachonde, minda imakwiririka ndi mchenga.

Namondwe Freddy mu 2023 anationetsa ku Chilobwe kuti phiri lopanda mitengo limapha. Ife tinalira maliro athu kuno, koma madziwo sanathere pano, anatsetsereka kukawapeza anzathu kumunsi.

Nanenso kwathu timaphikira makala, ndipo thumba lililonse ndikamagula ndimadziwa kuti mtengo wina wagwa.