Mkulu wa asilikali akakana, mawa lake amapezeka kuti?

Malume anga anapuma usilikali ali sajeni, atakhala zaka zambiri ku Moyale ndi ku Cobbe Barracks. Mpaka lero nsapato zawo amapukuta okha, mwana akazigwira ndi mlandu. Tsiku lina tikucheza pakhonde, burashi ili m'manja, anandiuza kuti: "Mphwanga, ife apansi timangomva lamulo. Wapamwambayo akasokonekera mutu, tonse tasokonekera naye." Mawu amenewa ndi amene andilembetsa izi.

Amene muli ndi zaka mukukumbukira April 2012. Bingu wa Mutharika anagwa pa 5, boma n'kukhala chete ngati palibe chachitika. Usiku wa pa 6 nduna zina zinaonekera pa kanema n'kumati Mayi Joyce Banda sangalowe m'malo chifukwa anayambitsa chipani chawo, pomwe gawo 83 la malamulo a dziko lino likunena poyera kuti mpando ukakhala wopanda munthu, wachiwiri kwa pulezidenti ndiye amalowapo. Komiti yofufuza imfa ya Bingu inadzaulula mu 2013 kuti akuluakulu ena anakafunsa General Henry Odillo, mkulu wa asilikali panthawiyo, ngati asilikali angatenge boma. Anakana. Anatumiza asilikali kukalondera nyumba ya Mayi Banda, ndipo pa 7 April analumbira.

Taganizani, munthu akukupatsa dziko lonse m'manja, mfuti zonse zili kumbuyo kwako, iwe n'kunena kuti ayi. M'maiko ena a mu Africa muno akuluakulu a asilikali sadikira n'komwe kupemphedwa. Sindikuti a Odillo ndi mngelo, tonse tikudziwa kuti pambuyo pake anaimbidwa milandu yokhudza ndalama za boma. Koma masiku atatu amenewo anagwira ntchito imene anapatsidwira nyenyezi za paphewa.

Za 2019 ndinaziona ndi maso anga. Ndinali ku Lilongwe pa zionetsero zija zotsutsa chisankho cha Tippex. Utsi wokhetsa misozi unali paliponse, anthu atamanga nsalu zonyowa kumaso. Galimoto za asilikali zitatulukira, amayi anayamba kululutira, mnyamata wina wogulitsa madzi n'kuthamangira msilikali kukam'patsa botolo laulere. Msilikaliyo anangopukusa mutu, osamwetulira, n'kupitiriza kuyenda m'mbali mwa gulu. Anyamata amenewo sanangodzuka n'kuganiza okha zoperekeza anthu. Lamulo linachokera kumwamba, kwa General Vincent Nundwe. Ndi asilikali omwewo amene ankaperekeza majaji asanu a mlandu wa chisankhocho mpaka chigamulo cha pa 3 February 2020.

Tsono apa ndi pamene pakundivuta. A Odillo anachotsedwa mu June 2014, boma litangosintha. A Nundwe anachotsedwa mu March 2020, patangopita milungu yochepa khoti litafafaniza chisankho, n'kuikapo a Peter Namathanga. A Chakwera atalowa anawabwezera pampando mu September chaka chomwecho. Ambiri tinaomba m'manja, ine ndemwe. Koma nditakhala pansi ndinaona kuti nawonso ndi mchitidwe womwewo: uyu akabwera achotsa, uyo akabwera abwezera, mpando ukungoyenda ndi mphepo ya ndale. Kodi kaputeni wachinyamata amene wangotuluka ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima, akuphunzirapo chiyani? Akuona kuti ukaima pa malamulo, kalata ikupeza.

Wina anena kuti pulezidenti ndiye mkulu wa asilikali onse malinga ndi malamulo, ndiye ayenera kugwira ntchito ndi munthu amene akumukhulupirira. Ndikuvomereza, ndipo sindikufuna jenerali woti sangachotsedwe, ameneyo ndi woopsa kuposa onse. Asilikali ayenera kukhala pansi pa anthu wamba amene tinawasankha. Koma kumvera boma ndi kumvera chipani ndi zinthu ziwiri. Ntchito ya mkulu wa asilikali ndi kuonetsetsa kuti anyamata aphunzitsidwa bwino, adya, alandira malipiro, zida zilipo, ndipo amene atumizidwa ku DRC kukasungitsa mtendere abwerako ndi ulemu. Ina, yovutitsitsa, ndi kuuza pulezidenti m'maso kuti bwana, ili ndiye sitingachite. Munthu amene akugona akumvetsera wailesi ngati dzina lake litchulidwe pa nkhani za usiku angalankhule zimenezo?

Mkulu wa apolisi amayenera kuvomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo asanayambe ntchito. Ine ndikanakonda kuti mkulu wa asilikali akamachotsedwa nthawi yake isanakwane, chifukwa chake chizikafotokozedwa ku komiti ya chitetezo ya Nyumba ya Malamulo, ngakhale m'chipinda chotseka. Kungomva kuti "wapatsidwa ntchito ina" kapena "wapita ku ukazembe" n'kutipusitsa.

Kawiri konse tapulumuka chifukwa pampando panali munthu wolimba mtima. Ndinawafunsa malume kuti nanga tsiku limenelo pakanakhala wamantha, akanatani iwo? Anakhala chete kanthawi, akupukuta nsapato yomwe inali itawala kale. Kenako anati, "Tikanakwera galimoto, mphwanga. Akanatiuza kopita tili m'njira."