Kwaya ititsogolere, isatiimbire

Lamulungu lapitali, lomwe linali lachiwiri m'nyengo ya Lenti, ndinakhala pa benchi yakumbuyo m'tchalitchi china kuno ku Mzuzu. Kwaya inaimba mwaluso, mawu anayi onse akumveka bwino, koma amayi achikulire amene ndinayandikana nawo anangoti duu kuyambira nyimbo yolowera mpaka yotulukira, chifukwa nyimbo zonse zinali zatsopano ndipo ankazidziwa ndi oimba okhawo.

Ineyo ndinaimbapo m'kwaya, choncho ndikuchidziwa chilakolako chophunzira nyimbo Lachinayi madzulo n'kufuna kuti mpingo uimve Lamulungu lomwelo. Komabe Misa si mpikisano wa makwaya. Chikalata cha Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican chonena za chipembedzo, Sacrosanctum Concilium, chimene chinatuluka mu 1963, chimafuna kuti akhristu onse azitengapo mbali mokwanira pa mwambo wa Misa, ndipo ndi chomwechonso chimene chinalemekeza maimbidwe a mitundu ya anthu m'maiko ngati lathu. Ng'oma, visekese ndi nthungululu zinaloledwa kuti munthu wamba atsegule pakamwa. N'zomvetsa chisoni kuti agogo amene kale ankangomvera Chilatini chosachidziwa, lero akhalenso chete pa nyimbo ya m'chilankhulo chawo.

Chimene chimandiwawa koposa ndi salimo. Salimo lotsatira kuwerenga koyamba ndi Mawu a Mulungu, losankhidwa kale kuti liyankhe zimene tangomvazo, ndipo malangizo a m'buku la Misa salola kuti nyimbo ina ilowe m'malo mwake, ngakhale ikhale yokoma chotani. Chimodzimodzinso nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu ndi ya Woyera: mawu ake ndi a Mpingo, ndipo wopeka nyimbo ndiye ayenera kupinda chuni chake kuti chigwirizane ndi mawuwo, osati kudula mawu kuti akwane m'chuni.

Nyengo nazonso zili ndi mawu ake. M'Lenti sitiimba Aleluya, Ulemu kwa Mulungu timausiya kupatula pa zikondwerero monga cha Yosefe Woyera pa 19 Malichi, ndipo zida zoimbira zimaloledwa pongothandizira mawu a anthu, kupatula Lamulungu lachinayi ndi masiku a zikondwerero. Nanga n'chifukwa chiyani woimba kiyibodi amatsegula kugunda komweko kumene anaimbira paukwati Loweruka, mpaka munthu sungasiyanitse Lenti ndi Pasaka? Pena vuto silikhala nyimbo ayi, koma sipika imene yakwezedwa mpaka kumeza mpingo wonse.

Kuno ku Mzuzu pa benchi imodzi pamakhala wolankhula Chitumbuka, wina Chitonga, wina Chichewa, kotero nyimbo ya kolasi yaifupi ndi yobwerezabwereza imatithandiza tonse kuposa ya ndime zisanu zothamanga. Ndikupempha aphunzitsi a makwaya kuti posankha nyimbo aziyamba awerenga mawerengo a tsikulo, azikhala pansi ndi bambo mfumu kapena akatekisiti, ndipo nyimbo yatsopano azibweretsa imodzi pamwezi, n'kuiphunzitsa kwa mphindi zisanu Misa isanayambe komanso kuitumiza ku miphakati. Zovuta zija, zimene zimafuna miyezi iwiri yokonzekera, tisungireni pa 22 Novembala, tsiku la Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, ndipo ine ndidzabwera kudzakhala kutsogolo kuti ndidzazimvetsere bwino.