Bayoloje ya chaka choyamba si yongoloweza, makamaka kwa ife a kuchigwa

Mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akatuluka, kuno kuchigwa cha Shire timasangalala mudzi wonse. Chimene chimandiwawa ndi funso limene timawafunsa anawo akabwera patchuthi choyamba. Mwana akanena kuti akuphunzira Bayoloje, amalume amafunsa kuti, "Nanga udokotalawo uyamba liti, mphwanga?" Mwanayo amayankha chamanyazi kuti chaka choyamba n'chongodutsa, zenizeni zili kutsogolo. Ine ndikukana zimenezo. Kaya mwana ali ku Zomba, ku Bunda, ku MUST ku Thyolo kapena ku Mzuzu, ngati kwawo ndi ku Chikwawa kapena ku Nsanje, palibe phunziro limene likunena za kwawo kuposa Bayoloje ya chaka choyamba. Akangoiloweza kuti akhoze mayeso, wadzimana yekha, watimananso ife amene tinatsala kumudzi.

Kulemera kwake ndikukudziwa, ndipo sindikunyoza aliyense. Ambiri a kuno timachokera ku ma CDSS kumene labu kulibe, kapena kuli maikulosikopu imodzi yotsekeredwa m'kabati kuopa kuti ingawonongeke. Selo tinaliona pabolodi, lojambulidwa ndi choko. MSCE tinakhoza ndi manotsi oloweza pamtima usiku ndi tochi. Ukafika ku yunivesite, masabata oyamba sakuyamba ndi nyama kapena mitengo ayi, akuyamba ndi Kemisitile: madzi, mapuloteni, ma enzyme, ATP. Buku ndi lalikulu, Chingerezi chake n'cholimba, zitsanzo zake ndi za mitengo ndi nyama za ku Ulaya ndi ku America. Mnzako wa pabenchi wachokera ku sukulu ya labu yabwino, maikulosikopu akuiyendetsa mosavuta pomwe iwe ukuona mdima wokhawokha. Mantha akakugwira umabwerera ku chida chimene chinakupulumutsa ku Folomu 4, kuloweza. Koma kuno funso silikhalanso loti tchula zigawo za selo. Limakhala loti chingachitike n'chiyani selo ili likaikidwa m'madzi amchere, ndipo chifukwa chiyani. Pa funso lotere, kuloweza kuli ngati kutunga madzi ndi lichero.

Tiyambe ndi madzi amcherewo. Mutu wa osmosis, kuyenda kwa madzi kulondola kumene kwachuluka mchere kapena shuga, ndi wa kachikopa kokuta selo ophunzira ambiri amauona ngati wouma. Koma kolera imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno mu 2022 ndi 2023, ife a kuchigwa tikugona m'makampu pambuyo pa namondwe wa Ana ndi wa Freddy, ndi nkhani ya mutu umenewu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kachilombo ka Vibrio cholerae sikalowa m'magazi. Kamakhala m'matumbo n'kumatulutsa poizoni amene amachititsa maselo a m'matumbomo kutsegula zipata zotulutsira mchere osatsekanso. Madzi amalondola mchere, ndipo munthu amauma thupi pamaola ochepa chabe. Tsono pa maselo omwewo pali chipata china chimene poizoniyu sachiwononga, ndipo chimenecho chimalowetsa mchere pokhapokha ukabwera limodzi ndi shuga. N'chifukwa chake mu Thanzi ORS muli zonse ziwiri: shuga ndi mchere zikalowa, madzi amatsatira kubwerera m'thupi. N'chifukwa chakenso alangizi a zaumoyo amalimbikira kuti paketi imodzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi aukhondo, osawonjezera shuga kuti azikoma, osapatsa wodwala zakumwa zotsekemera za m'botolo, pakuti shuga akachuluka amakokera madzi m'matumbo, kutsegula kuja n'kuwonjezeka. Mwana amene wamvetsa zimenezi angathe kuzilongosola kwa agogo ake m'Chisena kapena m'Chimang'anja, agogowo n'kumvera chifukwa auzidwa chifukwa chake, osati kungolamulidwa.

Mutu umene ndimafuna aliyense wa kuno aukhalire pansi ndi wa mmene zamoyo zimasinthira m'mibadwo, uja wa Charles Darwin wa 1859. Ena amauopa chifukwa cha chikhulupiriro chawo, amaulemba pa mayeso mtima uli kwina. Ndikuwapempha kuti ayambe aona zimene zinachitika ndi malungo m'dziko lathu lomwe lino. Akuluakulu akukumbukira kolokwini, wowawa uja, ena ankayabwa naye thupi lonse. Anagwira ntchito zaka zambiri, kenako anayamba kulephera, ana kumamwalira atamwa mankhwala. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolokwini n'kutenga Fansida, ndipo mu 2007 tinasinthanso kupita ku LA. Pamudzi timati tizilomboto tinazolowera mankhwala, koma sizinayende choncho. Pakati pa tizilombo mamiliyoni, tochepa tinali ndi kusintha pang'ono mu jini imodzi, kachidutswa ka chibadwa chotengera kwa makolo, kumene kunkathandiza tizilomboto kutulutsa mankhwalawo tisanafe. Kolokwini anapha tinzawo tonse, ito tinatsala, tinaberekana, tinadzaza dziko. Chodabwitsa chinabwera pambuyo pake. Akatswiri amene ankayeza magazi ku Blantyre anapeza kuti tizilombo tolimba tija, timene tinali 85 pa 100 alionse mu 1992, tinatsika kufika pa 13 mu 2000. Kolokwini atachoka, kulimba kuja kunasanduka katundu wolemetsa, ndipo tizilombo wamba tinapambananso. Sindikunena kuti tibwerere ku kolokwini ayi, mankhwala ndi amene akupereka kuchipatala. Ndikunena kuti zimene Darwin analemba zinachitika m'magazi a ana athu m'zaka zosakwana 10. Amene wamvetsa izi sangasiyire panjira LA wa masiku 3 chifukwa wayamba kupeza bwino, ndipo sangagule makapisozi awiri pagolosale kuti amwe limodzi, linalo apatse nkhuku.

Udzudzu nawo ukuchita zomwezo, ndipo Chikwawa ndi amodzi mwa malo amene akatswiri a malungo akhala akufufuzako kwambiri. Woluma ndi waukazi wokha, umafuna magazi kuti mazira ake akhwime. Ukayamwa kachilombo, pamadutsa masiku 10 kapena kuposerapo kasanafike m'malovu ake, ndipo kukatentha nthawi imeneyi imafupika. Kutentha kwa ku Ngabu ndi ku Nsanje mukukudziwa, pamwamba pake pali madambo ndi zithaphwi. Ntchito ya neti yonyikidwa m'mankhwala si kutchinga kokha, komanso kupha udzudzu usanakalambe mpaka kufika pofalitsa matenda. Koma udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus wa kuno unapezeka kuti sukufanso ndi mankhwala akale a m'maneti, chifukwa m'thupi mwake muli ma enzyme ochuluka ophwanya poizoniyo. Maneti ena atsopano ali ndi mankhwala owonjezera otchedwa PBO, amene ntchito yake ndi kufooketsa ma enzyme amenewo kuti poizoni agwire. Mutu wa kutchinga ma enzyme umaphunzitsidwa semesita yoyamba, ndi magalafu amene ophunzira amadana nawo. Koma ndi umene ukulendewera pamwamba pa mphasa zathu usiku uliwonse.

Tsiku limene ndinaona koyamba magazi a wodwala malungo pa maikulosikopu silindichoka m'mutu. Kadontho kopakidwa pagalasi, kouma, kothiridwa utoto wa Giemsa, kadontho ka mafuta pamwamba. Umazunguliza kachitsulo pang'onopang'ono, kukhala chimbuuzi, kenako mwadzidzidzi maselo ofiira aja mbee, ozungulira, otuwa pakati. M'kati mwa ena muli kamphete kabuluu kokhala ndi kadontho kofiira pambali. Ndi kameneko kamene kanatigoneka tonse tili ana, kamene kanatenga abale athu ena asanayambe n'komwe sukulu. Ukakaona ndi maso ako, mitu ya chiwindi, ya maselo ofiira, ya chitetezo cha m'thupi imaleka kukhala mawu. Ndipo katemera wa malungo atayamba kuperekedwa mu 2019, Chikwawa ndi Nsanje ali m'gulu la maboma oyamba, mafunso amene amayi ankafunsa kusikelo ankafuna munthu wodziwa mitu yomweyi.

Kumunda nakonso. Bwanji mapira, mchewere ndi nzimbe za ku Nchalo zimakondwa ndi dzuwa limene limawotcha mbewu zina? Buku limazitcha zomera za C4. Masamba ake amaunjika mpweya wa carbon dioxide m'maselo apadera, motero timabowo ta pamasamba sitifunika kutseguka kwambiri, ndipo madzi sathawa ambiri. Chimanga chilinso m'gulu lomweli, koma mapira amachiposa chifukwa cha mizu yake yambiri ndi phula la pamasamba, ndiponso amatha kuima kukula mvula ikadula n'kudzapitiriza ikabwera. Makolo athu sanalakwitse kudalira mapira. Za mbewu ya haibulidi yobwereza kubzala, imene chaka chachiwiri imatuluka ina yaitali ina yaifupi, Gregor Mendel anazilongosola ndi nsawawa zake mu 1866, ndipo masamu ake ndi omwe aja ophunzira amachita m'timabokosi.

Ngakhale nsomba za pamsika wa Bangula zili m'silabasi. Mathithi a pakati pa Shire, otsiriza ake ndi a Kapichira, amatchinga nsomba za kumunsi kuti zisakwere, n'chifukwa chake za kuno n'zapachibale ndi za mu Zambezi osati za ku nyanja ya Malawi. Mlamba umapuma mpweya wa kunja, umakhala moyo m'matope momwe nsomba zina zafa kale. Dambo la Elephant Marsh linalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 2017, koma ana ambiri a kuno amaphunzira za mgwirizano wa zamoyo ndi malo ake popanda kulitchula ngakhale kamodzi.

Apa ndiye ndili ndi pempho kwa aphunzitsi a ku mayunivesite. Mabuku akunja ndi abwino, sayansi yake ndi yoona kulikonse, koma chitsanzo chikachokera ku Makhanga, mwana wa ku Makhanga amadzuka m'kalasi. Amene ankakhala chete kumbuyo amapezeka kuti ndiye akudziwa kumene nkhono za likodzo zimakhala, mwezi umene namasupuni amatseka madoko, mbozi imene imalowa m'thonje. Chidziwitso chimenecho n'chenicheni, chikungosowa maziko. Inunso ophunzira, musachite manyazi kufunsa mnzanu kuti akuonetseni kayendetsedwe ka maikulosikopu. Jambulani zimene mukuona osati zimene zili m'buku. Mukamaliza mutu, yesani kuulongosola m'chinenero cha kwanu kwa munthu amene sanapite ku sekondale; pomwe mwakakamira, ndi pomwe simunamvetse.

Ena anena kuti zonsezi n'zabwino koma ntchito zili kuti. Funsoli n'loona, makolo anagulitsa mbuzi ndi ng'ombe, ngongole ya boma ikudikira. Si onse adzakhale madokotala, ndipo ambiri adzagwira choko. Ine sindiona chochititsa manyazi pamenepo: mphunzitsi wa Bayoloje amene anaimvetsa ndi amene angasinthe CDSS yonse, ngakhale ndi anyezi, ayodini ndi madzi a pachithaphwi. Aphungu ndi makomiti a sukulu akamagawa ndalama za chitukuko, akumbukire kuti maikulosikopu zingapo pasukulu si zinthu zosatheka. Ku Majete, kumene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003 n'kubwezeretsa zipembere, njovu ndi mikango, kumafunika anthu odziwa kuwerenga nyama ndi kupewa kuti zapachibale zisamangoberekana zokhazokha mumpanda. Ku Lengwe ndi ku Mwabvi chimodzimodzi.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi ku Kapichira kuti idzathirire mahekitala oposa 40,000. Ndikuifunira zabwino ndi mtima wonse, chifukwa njala yatizunza mokwanira, mpaka anthu kumadya nyika, mizu ya zomera za m'madzi. Komabe madzi oyenda pang'onopang'ono m'ngalande m'dziko lotentha amaitana nkhono za likodzo ndi udzudzu, ndipo nthaka yothiriridwa popanda ngalande zotayira madzi imatha kuchita mchere, umene mbali zina za chigwa chino ulipo kale m'zitsime. Padzafunika anthu oyenda m'mbali mwa ngalandezo mwezi ndi mwezi, kutola nkhono, kutunga mphutsi za udzudzu, kuyeza mikodzo ya ana asukulu ndi mchere wa m'dothi, kenako kukhala pansi ndi mafumu ndi alimi n'kulongosola zimene apeza m'chinenero chimene anthuwo amamva. Anthu amenewo ndikufuna adzakhale a ku Tomali, a ku Ngabu, a ku Tengani, omwe pano ali m'chaka choyamba.