Za Gift Ngoepe, apa ndiye sitikugwirizana

Alembi, nkhani yanu ndaiwerenga mpaka kumapeto, koma pomwe mwati Gift Ngoepe, wosewera baseball wa ku South Africa, sanapite patali chifukwa anasewera magemu ochepa mu Major League, ligi yaikulu ya masewerawa ku America, apo ndiye ayi. Mnyamatayu anakulira m'kachipinda ka pabwalo la timu ya Randburg Mets ku Joni, komwe mayi ake ankagwira ntchito yosesa ndi kukonza. Akangotsegula chitseko, bwalo ndi limenelo. Timu ya ku America ya Pittsburgh Pirates inamutenga mu 2008, n'kukhala zaka zoposa 8 m'matimu aang'ono, maulendo a pabasi okhaokha, malipiro ake osanena. Mayi akewo anamwalira mu 2013, mwana asanafike komwe ankalakalaka. Zimenezi simunazitchule n'komwe.

Pa 26 April 2017, akulimbana ndi timu ya Chicago Cubs, ulendo wake woyamba womwewo anamenya mpira womwe anaponya Jon Lester wa Cubs n'kufika pa base yoyamba, malo oyamba omwe womenya mpira amathamangirako. Kanemayo ndinamuonera kangapo pafoni, kumwetulira kwakeko mpaka m'makutu. Munthu woyamba wobadwira mu Africa muno kufika mu Major League!

Kumenya kunkamuvuta ndithu, ndipo ku timu ya Toronto Blue Jays mu 2018 sanakhalitse. Koma powakha mpira ndi kuponya, mnyamata uja anali ndi manja.